Kupatukira Apongozi pa Njinga

Chaka chimenecho ndinataya izi: mkazi wanga, nyumba ya zipinda ziwiri imene ndinamanga pamalo a kwawo, munda wa kachewere wa kuseri kwa nyumbayo, mwana wanga wamkazi kwa masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi munthu wondipalasa pa njinga.

Chomalizachi anthu amaseka ndikachitchula, choncho ndinaleka kuchitchula.

Ndimaphunzitsa Chipwitikizi pa sukulu ina m'boma la Tsangano. Nthawi imeneyo ndinali ndisanakwanitse zaka makumi atatu, ndipo kupalasa njinga sindinkakudziwa. Kwathu ku Furancungo bambo anga anali nayo imodzi, imene inkagona m'nyumba pamene mbuzi zinkagona panja, ndipo mwana sankaikhudza. Nditakula ndinapita kukoleji kumzinda, kumene kunali mashapa, maminibasi athu aja. Pobwerako ndinali kale munthu wa taye, ndipo munthu wa taye sagwa pamaso pa ana a sukulu.

Komanso ziwalo zanga sizinkamvana chibadwire. Munthu akandiponyera makiyi ankandigunda pachifuwa, manja n'kubwera pambuyo. Kutchalitchi anthu akamawomba m'manja, kuwomba kwanga kunkamveka pakokha, pampata umene ena onse asiya.

Mkazi wanga ankagulitsa kachewere ndi nyemba pamsika wa Ntengo-Wambalame, ndipo njinga inali yake, yakuda, yachimuna, ya chitsulo pakati. M'mawa uliwonse ankandikweza pa kaliyala mpaka pamphambano ya kusukulu. Ndinkatsikira kuseri kwa mitengo ya bulugamu kuti ana asandione. Ana onse ankadziwa.

"Inu aphunzitsi, muzikhala ngati thumba," ankatero tikafika pokhota. "Thumba silithandiza kukhota."

Anamwalira nthawi yokolola nyemba, mwana ali ndi zaka ziwiri ndi theka. Patapita miyezi akwawo anandisudzula. Amalume ake a mkazi wanga anandikhazika pamphasa nandiuza mwaulemu kuti ndinali mkamwini wabwino, ndipo tsopano ndamasulidwa, ndingathe kubwerera kwathu kapena kukwatira kwina. Anandipatsa zovala zanga, mabuku anga, ndi njinga.

"Mwana ndi wa kuno," anatero. "Koma njira sititseka."

Ife kwathu ndife Angoni, ana amatsata bambo. Koma ine sindinapereke ng'ombe. Ndinakwatira mwa Chichewa, ndikudziwa chimene ndikuchita, choncho sindinatsutse. Ndinamangirira katundu pa kaliyala n'kuikankha njingayo pamanja maola awiri ndi theka, mpaka kunyumba za aphunzitsi. Panjira anthu atatu anandifunsa ngati yaphulika tayala. Onse ndinawauza kuti inde.

Lamlungu lililonse ndinkapita wapansi kukaona mwana. Ndinkafika dzuwa lili paliwombo, iye atagona. Akadzuka ndinkakhala naye ola limodzi, kenako n'kunyamuka kuti ndikafike kusanade. Lamlungu lina atandiona anathawira kuseri kwa chitenje cha agogo ake. Lamlungu lotsatira sanathawe. Anandipatsa moni bwinobwino, atagwada pang'ono monga anamuphunzitsira, nanditchula kuti aphunzitsi.

Ndinapempha kuti azidzagona kwanga kuyambira Lachisanu mpaka Lamlungu. Pempholo ndinalidzetsa kwa amalume aja, chifukwa apongozi anga aakazi ndinali ndisanalankhulepo nawo maso ndi maso. Zaka zinayi ndili pamudzi pawo, tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire n'kuyang'ana kumbali, iwo n'kudutsa. Nkhani zathu zinkadzera mwa mkazi wanga. Umu ndi mmene mkamwini amalemekezera, ndipo pa zinthu zonse za thupi, kupatuka kokha ndiko ndinkakuchita bwino.

Yankho linabwera patapita sabata. Mwana sangayende mtunda wotero, ndipo pa njinga yamoto ya munthu wosamudziwa sakwera. Bambo wake akadzatha kumutenga yekha pa njinga ya mayi wake, adzamutenge. Amalumewo ananena zimenezi nkhope ili bwinobwino, akuyang'ana zala za kumapazi kwawo. Sindinadziwe ngati andikaniza kapena andilola. Ndinasankha kumva kuti andilola.

Pa sukulu pathu panali mphunzitsi wa masewera, bambo wa zaka zopitirira makumi asanu, wamimba, amene wezulo sankamuchoka pakhosi ngakhale pamsonkhano wa makolo. Ndinamufotokozera tili awiri. Sanaseke. Anandiponyera mtolo wa makiyi, n'kundigunda pachifuwa.

"Kolega," anatero, monga aphunzitsi timaitanirana kuno, "njinga muiiwale kaye. Inu simunadziwane ndi miyendo yanu. Imani ndi mwendo umodzi."

Ndinaima. Anawerenga m'Chipwitikizi mpaka zitatu, ine n'kugwira tebulo.

"Tambala amakuposani, ndipo sanapite kukoleji."

Anandipatsa ntchito. M'mawa potsuka mano ndiziima ndi mwendo umodzi, mano a pamwamba mwendo uwu, a pansi mwendo winawo. Madzulo ana akaweruka ndiziyenda pamzere wa phulusa wa m'bwalo la mpira, chidendene kugunda chala, kuchoka pagolo ili kukafika pagolo linalo, manja otambasula. Kunyumba ndizitenga kachewere mmodzi, kumuponya m'mwamba ndi dzanja ili n'kumuwakha ndi linalo. Akasiya kugwa, nditenge awiri.

Sabata yoyamba kachewere yense wa m'nyumba mwanga anali ndi mabala. Ndinkamudya yemweyo. Ndinagwa pamzere wa phulusa kangapo, pamalo osalala, popanda chondipunthwitsa. Ndikagwa iye ankaliza wezulo nati, "Di novu!" kutanthauza kuti ndiyambirenso. Mawu amenewa ndinawamva kambiri kuposa dzina langa.

Tsiku lina tikuponyerana mpira wa manja anaima, nandiyang'ana kwa nthawi.

"Mukadzidzimuka mumatulutsa dzanja liti?"

"Sindikudziwa."

Anandiponyera mpirawo kumaso mosachenjeza. Ndinauwakha ndi lamanzere.

"Anakumenyani ndani?"

Ndinamuuza kuti azakhali anga, ndi nthiko, mpaka ndinaphunzira kudya ndi kulemba ndi lamanja. Ndinali nditaiwala.

"Ndiye zaka zonsezi mwakhala mukutuma mlendo, mwini nyumba ali phee. Kuyambira lero chilichonse muziyambira kumanzere. Kudya kokha muzidyera lamanja, tisakhumudwitse azakhali."

Izi sizinandisandutse munthu wina. Koma ndinafika pa makumi awiri ndili chiimire ndi mwendo umodzi, ndipo kachewere awiri anayamba kusinthana m'mwamba kasanu, kasanu ndi kamodzi, asanagwe. Usiku ndinkagona chifukwa cha kutopa. Miyezi yapitayo ndinali ndisanagone bwino.

Mwezi wachiwiri anati ndibweretse njinga. Anachotsa mapedulo onse awiri, natsitsa chishalo mpaka mapazi anga anaponda pansi. Kuseri kwa sukulu kuli katsetse ka udzu, ndipo pansi pake pali mtengo umodzi wa pichesi. Malo onsewo ndi poyera, mtengo ndi umodzi wokhawo. Ndinadzikankha ndi phazi, kukweza miyendo, n'kutsika molunjika mpaka kukaugunda. Ndinabwereza. Ndinaugundanso, pamalo omwewo.

"Mtengowu unakulakwirani chiyani?"

"Ndimauyang'ana kuti ndiupewe."

"Ndiye chifukwa chake. Njinga ilibe maso, imabwereka anu. Kumene mwayang'ana ndi kumene ipite. Muziyang'ana kumene mukufuna, osati chimene mukuopa."

Ulendo wachitatu ndinayang'ana chimbudzi cha aphunzitsi, chimene chili kumanja kwa mtengowo, ndipo ndinakafika kuchimbudzi.

Mapedulo atabwezeretsedwa ndinaphunzira kunyamuka ndi phazi lamanzere, kugwira buleki ya kumbuyo ndisanagwire ya kutsogolo, ndi kukhota osatsitsa phazi. Ana a sukulu anandiona. Palibe njira yophunzirira njinga mobisa pamalo pamene pali ana mazana. Ankaima kumpanda n'kumawerenga kugwa kwanga mokweza, m'Chipwitikizi cholondola, chimene m'kalasi sankachitulutsa. Taye ndinasiya kuvala.

Kenako mnzangayo anati mwana si mphepo, ali ndi kulemera. Tinathira kachewere m'thumba, iye n'kumalinyamula m'manja ngati akuyeza khanda, kuchotsa awiri, kuwonjezera mmodzi, mpaka anati basi, zaka zitatu zakwana. Ndinalikhazika pa kaliyala n'kulimangirira m'chiuno mwanga ndi chitenje, monga amachitira amayi. Ndinazungulira nalo bwalo masabata awiri. Mzimayi wina wogulitsa zitumbuwa pageti ankandifunsa tsiku lililonse kuti mwana wadzuka bwanji. Ndinkayankha kuti wadzuka bwino.

Ndinauza amalume aja kuti Lamlungu lotsatira ndibwera pa njinga kuti adzandione. Loweruka lake ndinaganiza zoiyesa njirayo ndekha, ndi thumba, kuti ndidziwe pamene pali mchenga ndi pamene pali miyala. Sindinafune kulowa m'mudzi. Ndinati ndikafika pamtsinje ndibwerera.

Chakumapeto njirayo imasiyana ndi msewu n'kusanduka kanjira ka munthu mmodzi, kotsetsereka, kodutsa pakati pa minda. Mbali zonse ndi mizere. Ndinali kutsika bwino, zala pa buleki, pamene ndinaona mayi akukwera kuchokera kudimba, khasu paphewa, mwana kumsana. Ndinazindikira kaye chipewa cha mwanayo, chifukwa ndinagula ndine. Kenako ndinazindikira apongozi.

Sindinaganize chilichonse. Khosi langa linatembenuka lokha, monga linazolowerera zaka zinayi, ndipo njinga inatsata. Tinalowa m'munda wa eni, kudumpha mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Ndinagwira buleki ya kumbuyo, kenako ya kutsogolo, n'kutsitsa phazi lamanzere. Ndinaima. Sindinagwe. Ndinali ndisanaimepo bwino chotero.

Pamenepo ndinakumbukira kuti munthu saima chilili pamaso pa apongozi. Ndinasiya mahandulo kuti ndinjute. Ndinaiwala kuti ndamangiriridwa ku thumba, ndipo thumba lakhala pa njinga. Tinagwa tonse atatu.

Ndili chigonere pakati pa mizere ndinamva mapazi ataima. Kenako apongozi analankhula, osati kwa ine, koma kwa mwana wa kumsana kwawo.

"Iwe, uwafunse abambo ako. M'thumbamo muli chiyani?"

Mwanayo sanafunse. Ankandiyang'ana, chala chili m'kamwa. Ndinayankha ndikuyang'ana dothi.

"Uwauze agogo kuti muli kachewere. Uwauze kuti ndi iweyo."

"Ndi iweyo," anatero apongozi. "Wamva? Wagona m'munda mwa eni, mutu pansi."

Kachewere atatu anali atatuluka pakamwa pa thumba. Ndinadzimasula, kuwatola, kuwabwezera.

"Uwauze agogo kuti ndinaima bwinobwino. Ndagwa nditaima kale."

"Ndaona. Uwafunse kuti amathawa ndani."

Ndinamanga pakamwa pa thumba, iwo n'kupitiriza.

"Uwauze kuti tinawasudzula. Munthu wosudzulidwa alibe apongozi. Amene akuwathawawo ndi agogo a mwana wawo basi. Nanga Lachisanu lililonse akamakumana nane panjira pano, iwe uzikathera m'mizere?"

Palibe amene anandiuzapo zimenezi. Pa mphasa paja anandiuza za zovala, za mabuku, za kukwatira kwina, koma za kupatuka sananene, ndipo ine sindinafunse. Mpaka lero sindidziwa ngati ndi mwambo weniweni kapena anaupangira pomwepo.

"Uwauze abwerere kumtunda," anapitiriza. "Amangenso thumba lawo, atsikenso. Ine ndiima pomwe pano. Adutse. Asapatuke."

Ndinaikankha njinga kubwerera kumtunda, mpaka pamene pali chitsa. Mfundo ya chitenje ndinaimanga kawiri. Nditatembenuka ndinaona kuti asuntha pang'ono chabe, phazi limodzi m'mphepete mwa mzere, khasu alitsitsa pansi. Mpata umene anandisiyira unali ngati utali wa mkono. Kumsana kwawo kachipewa kanasuzumira.

Ndikawayang'ana ndikawagunda, iwo ndi mwana. Ndikayang'ana kumbali ndibwerera m'munda. Kuseri kwawo, patsogolo pang'ono, panali mwala woyera m'mbali mwa kanjira, pamene amayi amatulira mitolo. Ndinauyang'ana mwalawo. Ndinanyamuka ndi phazi lamanzere.

Sindinawaone podutsa. Ndinangomva chigongono changa chikukhudza nsalu, ndi fungo la utsi ndi sopo, ndi mawu aang'ono akuti, "Njinga ya amama." Ndinakaima pamwala paja. Ndinakhala chiimire, miyendo uku ndi uku, mahandulo m'manja, osadziwa ngati ndinjute kapena ayi. Sindinanjute.

Anabwera pang'onopang'ono. Anamasula mwana kumsana namuimika pansi, ndipo iye anapita kukagwira sipoko za tayala la kumbuyo. Apongozi anagwedeza thumba lija kuona ngati lalimba, nakoka mfundo ya chitenje.

"Mfundo iyi ndi ya nkhuni," anatero. "Ya mwana imamangidwa pachifuwa, kuti akagona muzimva. Lachisanu mubwere dzuwa lisanapendeke, ndidzakuonetsani. Mubweretse kapilo, chitsulochi chimapweteka. Usiku amadzuka kamodzi kufuna madzi."

Ndinazindikira mochedwa kuti akulankhula ndi ine. Ndinati zikomo, ndikuyang'ana khasu lawo.

Anakhala pamwala paja. Mwana ankazunguza pedulo ndi dzanja. Ndinaganiza kuti tatha, koma iwo anati:

"Tsiku lija ine ndinali kumaliro kutsidya. Pofika kuchipatala ndinapeza mayi wa mwanayu salankhulanso. Aliyense amandiuza zake. Inu munalipo. Ananena chiyani?"

Ndinawauza monga zinachitikira, chifukwa njira ina yozinenera ndilibe.

Mkazi wanga anadwala mutu masiku awiri, akuti ndi dzuwa la kumunda. Tsiku lachitatu m'mawa anadzuka thupi lili moto, khosi louma, ndipo atayesa kuima anakhala pansi. Anthu onse anali kumaliro kapena kuminda. Njinga inali itatsamira khoma, matayala ali ndi mpweya. Ndinaima pakhomo n'kuiyang'ana. Kenako ndinathamanga kukafuna mwamuna wa nyumba yoyandikana nafe. Kwawo kunalibe, anali kudimba, ndipo dimba lake linali lachitatu pa amene ndinafikako. Pamene tinkabwerera mthunzi wa nyumba unali utafupika.

Tinamukweza pa kaliyala n'kumumangirira kumsana kwa bamboyo. Mwana tinamusiya m'manja mwa mtsikana wa pafupi, akulira. Bamboyo anapalasa, ine ndikuthamanga pambuyo, dzanja limodzi pamsana wa mkazi wanga. Pa kanjira kano ndinakwanitsa. Titalowa mumsewu njinga inayamba kundisiya, ndipo dzanja langa linatsala m'malere. Ndinathamangabe. Ndinapunthwa kamodzi, osagwa.

Zimene mkazi wanga anandiuza pamsewupo ndinazichita. Kuchipatala ndinakafika madzulo, wapansi, ndipo inenso ndinapeza salankhula.

Apongozi anadikira. Ndinawauza kuti pamene msewu umayamba kukwera, mkazi wanga anatembenuza mutu, tsaya lili pamsana wa bambo uja, nandiona ndikubwera. Mawu ake sanali okweza, koma ndinawamva onse.

"Inu, musathamange, mugwa. Bwererani kwa mwana, sanadye."